Wheelock kapena Ørberg: buku loyambira Chilatini pa yunivesite

Wophunzira amene watenga Chilatini m'chaka chake choyamba pa yunivesite amakhala ndi miyezi yowerengeka yokha kuti achoke posadziwa liwu ngakhale limodzi n'kufika powerenga ndime za alembi akale a ku Roma monga Caesar kapena Cicero, ndipo mmene maola ake adzathere zimadalira kwambiri buku limene wayambira. Mabuku awiri amene aphunzitsi amakonda kutsutsana pa iwo ndi Wheelock's Latin, lomwe Frederic Wheelock wa ku America adatulutsa mu 1956, ndi Lingua Latina per se illustrata la Hans Ørberg wa ku Denmark, lomwe gawo lake loyamba limatchedwa Familia Romana.

Wheelock amayamba ndi lamulo. M'mitu yake 40, mutu uliwonse umafotokoza m'Chingerezi mfundo ya galamala, umaonetsa mndandanda wa mmene mawu amasinthira, umapereka mawu oti aloweze, kenaka ziganizo zoti amasulire, zina mwa izo zotengedwa kwa alembi akale a ku Roma ndi kufewetsedwa pang'ono. Ubwino wake ndi wakuti palibe chobisika: pofika mutu 12 wophunzira amakhala ataona nthawi zonse zisanu ndi imodzi za mneni, ndipo akafunsidwa pa mayeso chifukwa chimene dzina lathera ndi -am amayankha mosadodoma. Vuto ndi lakuti ziganizozo ndi zoduka, chilichonse chili pachokha, moti munthu amazolowera kusaka m'malo mowerenga. Ndaonapo mnzanga wakhama atagwira pensulo pa chiganizo cha mizere itatu, maso atathamangira kumapeto kukafuna mneni, kenaka kubwerera kudzafuna mwininkhani, n'kumalemba timanambala pamwamba pa mawu kuti awasanje monga mwa Chingerezi. Adamasulira molondola, koma patapita mphindi khumi, ndipo nkhani yeniyeni anali ataiiwala.

Ørberg amayamba ndi nkhani, ndipo m'buku lonse mulibe liwu la chinenero china kupatula Chilatini. Kumayambiriro kuli mapu, ndipo chiganizo choyamba n'chakuti Roma in Italia est, chomwe aliyense amachimva popanda womuuza. Kuchokera pamenepo wowerenga amalowa m'banja la Iulius ndi mkazi wake Aemilia, ana awo Marcus, Quintus ndi Iulia, ndi kapolo Medus amene amathawa ndi ndalama za mbuye wake. Mawu atsopano amamveka kudzera m'zithunzi ndi m'timawu ta m'mphepete mwa tsamba, ndipo amabwerezedwa mpaka atakhazikika. Galamala ilipo kumapeto kwa mutu uliwonse mwa mitu 35, koma nayonso idalembedwa m'Chilatini, ndipo imabwera wophunzira atakumana kale ndi chinthucho kambirimbiri m'nkhani.

Kwa ife olankhula Chichewa kusiyana kumeneku kuli ndi tanthauzo lapadera. Mbali ina ya Chilatini imene imasautsa Angerezi si yachilendo kwa ife. Amo, amas, amat ndi ndimakonda, umakonda, amakonda: wochita ali m'kati mwa mneni, kungoti ife timamuika kumayambiriro pomwe Aroma amamuika kumapeto. Mgwirizano wa dzina ndi mfotokozi, monga servus bonus (kapolo wabwino) ndi puella bona (mtsikana wabwino), sungadabwitse munthu amene chibadwire amati mwana wabwino koma chipatso chabwino. Chachilendo chenicheni n'chakuti dzina limasintha mathero malinga ndi ntchito yake m'chiganizo. Puella puerum videt ndi kuti mtsikana akuona mnyamata, koma puellam puer videt ndi kuti mnyamata akuona mtsikana, ngakhale mtsikanayo akadali patsogolo. Chizolowezi chomva mathero amenewa nthawi yomweyo sichibwera ndi kuloweza mndandanda. Chimabwera ndi kuwerenga masamba ambiri osavuta, ndipo apa Ørberg amaposa mnzakeyo kutali. Palinso china: wogwiritsa ntchito Wheelock kuno amadutsa m'zinenero zitatu, kuchoka m'Chilatini kupita m'Chingerezi asanamve nkhaniyo m'mutu mwake, pomwe Familia Romana imachotsa mkhalapakati ameneyu.

Komabe sindinganene kuti Ørberg alibe zovuta zake. Njira yake imafuna nthawi, chifukwa mutu umodzi umayenera kuwerengedwa kawiri kapena katatu, makamaka mokweza, ndipo amene wangothamanga amapezeka kuti pofika chapakati pa buku akungolota tanthauzo. Mitu yoyamba imanyenga ndi kuphweka kwake, koma yakumapeto imakwera phiri mofulumira, ndipo kulowa m'gawo lachiwiri, Roma Aeterna, ndi kudumpha kwakukulu. Wophunzira wopanda mphunzitsi angathe kumva nkhani yonse koma osatha kutchula dzina la chimene akuona, ndipo mayeso ambiri a pa yunivesite amafunsa mayina amenewo. N'chifukwa chake ambiri amawonjezera kabuku kothandizira ka Latine Disco, komwe kamafotokoza mutu uliwonse m'chinenero cha wophunzirayo.

Alipo mabuku ena apakati. Cambridge Latin Course, yomwe idayamba mu 1970 ndi nkhani ya Caecilius wa ku Pompeii phiri la Vesuvius lisanaphulike m'chaka cha 79 AD, ndi yokoma koma idakonzedwera ana a sekondale ndipo imayenda pang'onopang'ono kwambiri kwa munthu wa chaka chimodzi. Reading Latin ya Peter Jones ndi Keith Sidwell, ya mu 1986, idalembedwera akuluakulu, imayamba ndi masewero ofewetsedwa a Plautus, mlembi wa zisudzo wa ku Roma, n'kupita kwa Cicero, koma imapatsa munthu mawu ambiri nthawi imodzi ndipo imafuna mphunzitsi pafupi.

Ine ndikadakhala wosankha, ndikadatenga Familia Romana kukhala buku la tsiku ndi tsiku, Wheelock n'kumakhala pambali poonera malamulo. Koma wophunzira pa yunivesite kawirikawiri sasankha; mphunzitsi ndiye amatchula buku, ndipo mayeso amachokera mmenemo. Ngati buku lotchulidwalo ndi Wheelock, wophunzira alitsate mokhulupirika, koma apatule theka la ola madzulo aliwonse kuwerenga Ørberg kuyambira mutu woyamba, osayesa kuti mitu ya mabuku awiriwa ifanane. Sifanana ayi: nthawi yakale imene Wheelock amayamba kuiphunzitsa pa mutu 5, Ørberg amaisunga mpaka mutu 19, motero kwa milungu ingapo nkhani ya Iulius ndi banja lake idzaoneka yophweka kuposa za m'kalasi, ndipo kuphweka kumeneko ndiko kudzamuphunzitse kuwerenga chiganizo kuyambira kumanzere mpaka kumanja osagwira pensulo.