Eyakoni yasiya kuzizira: tithire gasi kapena tisake pobooka?

Okutobala akafika, makamaka kwa inu oyenda njira ya ku Chikwawa ndi Nsanje, eyakoni yotulutsa mpweya wofunda imakwiyitsa. Tisanapite patali: madzi amene amadontha pansi pa galimoto mukaima si vuto, ndi chinyezi chabe. Akamanyowetsa kapeti kumapazi a pasenjala, ndiye kuti kapaipi kotulutsira madziwo katsekeka. Kudontha kodya ndalama ndi kwa gasi.

Ambirife timathamangira kungothira gasi, poti n'zotchipa ndipo umachoka pagalaja ukumva kuzizira. Koma gasiyu satha ngati petulo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, choncho akachepa ndiye kuti pali pamene akutulukira. Ine ndinathira kawiri pa Vitz yanga, mwezi usanathe ndili thukuta kamukamu. Choipa kwambiri n'chakuti gasi amatuluka limodzi ndi oyilo wa kompuresa (pampu yozungulitsa gasiyo), ndipo kompuresa youma sichedwa kufa.

Zitini za mankhwala otseka pobooka sindizikhulupirira. Ena mwa mankhwalawa amauma akakumana ndi chinyezi, ndipo sasankha: angathe kutseka expansion valve, kavavu kopapatiza kamene gasi amadutsamo, m'malo mwa bowolo. Amakaniko ena amakana galimoto yotere poopa kuwononga makina awo.

Kusaka pobooka ndiye nzeru, koma njira zake sizifanana. Madzi a sopo safuna ndalama: mumapaka polumikizira mapaipi n'kuyang'ana thovu. Amagwira bowo lalikulu lokha, pamalo oti maso afika, komanso m'mapaipi mukhale mudakali mphamvu. N'chifukwa chake makaniko wodziwa amayamba wapopera mpweya wa nitrogen m'mapaipi, n'kuona ngati geji ikutsika. Bowo likakhala lalikulu, mudziwa tsiku lomwelo.

Utoto wa UV ndi wa anthu odekha. Amauthira m'mapaipi, inu muyende masiku angapo eyakoni ili yoyatsa, kenako aunike ndi tochi yake. Pobooka pamawala mobiriwira. Kudontha kwapang'onopang'ono, koti gasi atha pakapita miyezi, njira iyi imapambana sopo kutali. Imalephera pa evaporator, chipangizo chimene chimaziziritsa mpweya wolowa m'galimoto, poti inabisala kuseri kwa dashibodi. Apo mpofunika kachipangizo konunkhiza gasi, kamene amakalozetsa pa kapaipi ka madzi kaja, ngakhale kamalira mwachabe pakakhala mphepo. Musalole munthu kumasula dashibodi yonse mongoganizira.

Poyambira kuyang'ana ndi kondensa (kachipangizo kotaya kutentha kwa gasi), imene ili kutsogolo kwa rediyeta ndipo imalandira miyala yonse ya m'misewu yathu yafumbi. Mukaona malo akuda, oyilo atagwira fumbi, kayikirani pomwepo. Kenako timphira ta O-ring, timavavu tothirira gasi, ndi seal ya kompuresa. Kamphira n'kotchipa. Kondensa yobooka ena amaiwotcherera, koma aluminiyamu wake ndi wopyapyala. Ine ndingagule ina.

Akakonza, asinthe drier (kasefa koyamwa chinyezi) ngati mapaipi anakhala otsegula, akoke vacuum (kuyamwa mpweya ndi chinyezi chonse m'mapaipi) kwa theka la ola, kenako athire gasi poyeza pa sikelo molingana ndi magalamu olembedwa pa sitika ya pansi pa boneti. Sitikayo imanenanso mtundu wa gasi. Magalimoto akaleko ochokera ku Japan amagwiritsa ntchito gasi wa R134a, pomwe atsopano a ku Ulaya kuyambira 2017 ambiri ali ndi R1234yf, wodula kwambiri, ndipo awiriwa sasakanizidwa.