Kutseketsa abambo: mmene thupi lilili miyezi itapitapo

Anzanga a ku Mbare ndi ku Mufakose, madera a mu Harare, akhala akundifunsa monong'ona kuti zikuyenda bwanji chitseketsereni, ndiye ndiyankhire pano.

Opaleshoni yake njachidule. Pachipatala china cholerera muno mu Harare anandibaya jakisoni wa dzanzi, kuboola kabowo pachikwama cha machende, n'kudula timachubu tiwiri todutsa mbewu. Kunyumba ndinabwerera pa kombi (minibasi). Patatha miyezi 3 anayeza umuna, poti mbewu zotsalira zimatha kupereka mimba, ndipo nthawi yonseyo inali ya kondomu. Zoti munthu umakhala ngati ng'ombe yofula n'zabodza. Mphamvu zilipo, umuna ukutuluka monga kale, ndipo mayi a kunyumba anasiya mapiritsi amene ankawadwalitsa mutu.

Nkhani ili pa ululu. Bala linapola msanga, koma kumanzere kunatsala kakuwawa kolemera, kosabaya, kokokera m'chinena. Kamabwera ndikaima tsiku lonse ndikuwotcherera ku Magaba, malo a amisiri ku Mbare, kapena kombi ikagwa m'dzenje ine ndili mpando wakumbuyo. Nthawi zina kamayamba tikangomaliza kukhala malo amodzi, ndipo apa m'pamene pamasowetsa mtendere. Posamba ndimakhudza kachotupa kolimba pamwamba pa tchende.

Adokotala anandifotokozera kuti machende sasiya kupanga mbewu. Thupi limazimwa lokha, koma kwa ena zimadzadzana m'kachubu kopotana kuseri kwa tchende, kapena kudontha podulidwa paja n'kupanga kachotupa, kapenanso mtsempha umapanikizika m'chipsera. Bungwe la American Urological Association, la madokotala a ku America oona za njira ya mkodzo ndi ziwalo zoberekera za abambo, limati abambo 1 kapena 2 mwa 100 alionse amatsala ndi ululu wosatha wosokoneza moyo wawo. Ndi ochepa, inde, koma pa uphungu umene anandipatsa ndisanatseketse nkhaniyi anangoidutsa pamwamba, nthawi yambiri n'kuthera pa zoti sudzaberekanso. Zimenezo sindinakondwe nazo.

Wanga ululu sunafike pondiletsa ntchito. Kabudula wamkati wogwira bwino amathandiza kuposa wotayirira, kusamba madzi ofunda madzulo, ndi mankhwala a ululu a ibuprofen tsiku likavuta, osati pamimba yopanda kanthu. Masabata ena amatha ndisanamve kalikonse.

Kutseketsa ndikanatseketsabe. Mlamu wanga wa ku Dzivarasekwa akufuna kupita, koma iye machende amamuwawa kale nthawi zina, ndiye ndamuuza kuti akayambe waulula zimenezo kwa adokotala asanasaine fomu. Ndamuuzanso kuti ululu ukakula pali jakisoni wogonetsa mtsempha, palinso opaleshoni yolumikizanso timachubu tija, koma imeneyo njodula ndipo si onse amene imawachotsera ululu.