Sukulu ya boma ndi madrasa masana, kapena sukulu yachisilamu?

Ku Mangochi mwana woyankhula Chiyao pakhomo akalowa Sitandade 1 ya boma amakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi kamodzinkamodzi, masana kumadrasa kukumudikira alifu, baa, taa, Chiarabu choyambira kumanja, kamutu kameneka kamagwira ntchito aise. Fizi kulibe chiyambire 1994 koma kalasi imadzaza thothotho, Expressive Arts ndi kuimba, kuvina ndi kuumba ng'ombe zadongo poti penti palibe.

Kusukulu yachisilamu yapulaiveti zonse zili pamodzi, Qur'an, makhalidwe, swala (pemphero) ya masana pa nthawi yake, hijabu palibe wofunsa. Koma ndalama zake eeh. Zovinavina ena amazipewa, amakonda kaswida (nyimbo zachisilamu) ndi kulemba zilembo mokongoletsa.

Wakumudzi ine ndingamuuze ya boma, bola shehe wa kumadrasa akhale woleza mtima.