Za jekeseni yochepetsa thupi ku England ndi alangizi amene amayenda nayo

Abale kumudziko, pempho limene likufika kawirikawiri kwa ife okhala ku England masiku ano ndi lakuti titumize jekeseni yochepetsa thupi ija. Zithunzi za pa Facebook zimangoonetsa munthu wonenepa kumanzere ndi woonda kumanja. Za pakati pa zithunzi ziwirizo, zimene ndi miyezi yambiri ya kupimidwa ndi kulangizidwa, sizijambulidwa. Nazi mmene zimakhalira kuno.

Mankhwala otchuka ndi awiri. Semaglutide amapangidwa ndi kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark, ndipo amagulitsidwa ndi dzina lakuti Wegovy akakhala ochepetsa thupi, kapena Ozempic akakhala a matenda a shuga. Tirzepatide ndi wa kampani ya Eli Lilly ya ku America, kuno amatchedwa Mounjaro. Onse amabayidwa kamodzi pa sabata pansi pa khungu, pamimba, pantchafu kapena kumtunda kwa mkono. Sasungunula mafuta ayi. Amatsanzira timadzi timene matumbo amatulutsa munthu akadya, motero ubongo umamva ngati wakhuta, ndipo chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba. Pa kafukufuku wotchedwa STEP 1, amene anafalitsidwa mu 2021, obaya semaglutide anatsika pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo m'masabata 68. Pa wina wotchedwa SURMOUNT-1 wa mu 2022, obaya tirzepatide wa mlingo waukulu anatsika pafupifupi 21 peresenti m'masabata 72. Koma m'makafukufuku onsewa anthuwo ankalandiranso uphungu wa kadyedwe ndi masewera olimbitsa thupi. Manambalawo si a jekeseni payokha.

Kuwapeza kudzera ku NHS, yomwe ndi nthambi ya boma ya zachipatala, si chinthu chapafupi. Amayamba kuwerengera BMI: kulemera kwanu m'makilogalamu kugawa ndi msinkhu m'mamita, kenako kugawanso ndi msinkhu womwewo. Munthu wa mamita 1.65 wolemera makilogalamu 103 ali ndi BMI ya 37.8. Pamene madokotala a m'madera anayamba kulemba Mounjaro mu June 2025, gulu loyamba linali la anthu a BMI ya 40 kapena kuposa, amenenso ali ndi matenda anayi mwa asanu awa: shuga wa mtundu wachiwiri, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi mitsempha, kuchuluka kwa mafuta m'magazi, ndi kubanika kutulo. Kwa anthu akuda ochokera ku Africa ndi a ku Asia malirewo amatsitsidwa ndi 2.5, kukhala 37.5, chifukwa shuga amatigwira tisananenepe kwambiri. Ambiri safika pamenepo, n'chifukwa chake amagula okha kumafamase, ndipo mtengo wake umaluma. Mu September 2025 Eli Lilly inakweza mtengo wa mlingo waukulu kuchoka pa £122 kufika pa £330 pamwezi.

NHS sipereka jekeseniyi popanda thandizo la kadyedwe ndi kusintha khalidwe. Apa ndi pamene pamabwera mlangizi wa zaumoyo, amene kuno amati health coach. Si dokotala. Salemba mankhwala, sakweza mlingo, sapima magazi. Ntchito yake ndi masiku asanu ndi limodzi a pakati pa jekeseni ina ndi ina. Chenjezo lake ndi lakuti dzinali silitetezedwa ndi lamulo, aliyense atha kudzitcha choncho, pamene katswiri wa kadyedwe wotchedwa dietitian amayenera kulembetsa ku bungwe la HCPC loyang'anira ogwira ntchito zachipatala. Mlangizi amene akukugulitsaninso mankhwalawo iye mwini, kapena wokana kulankhulana ndi dokotala wanu, m'thaweni.

Mlangizi wabwino amayamba munthu asanabaye n'komwe. Amamuuza kulemba zonse zimene wadya ndi kumwa kwa sabata yathunthu, ndi nthawi yake. Amafunsa za tulo, za mowa, za ntchito ya usiku, ngati munthu amadya chifukwa cha njala kapena nkhawa. Amayeza chiuno, chimene chiyenera kuchepera theka la msinkhu. Amakonzanso mafunso opita nawo kwa dokotala: kodi munadwalapo kutupa kwa kapamba (pancreas) kapena miyala ya mu ndulu, kodi mukubaya insulin kapena kumwa mapiritsi a shuga a gliclazide, kodi mukufuna kutenga mimba, kodi munali ndi vuto lodzimana chakudya kapena kudzisanzitsa. Ena amatuluka m'makambirano amenewa ataganiza zosabaya, ndipo mlangizi woona saona zimenezo ngati kulephera.

Mlingo umakwera pang'onopang'ono, masabata anayi pa sitepe iliyonse. Wegovy amayambira pa 0.25 mg, kenako 0.5, 1, 1.7 mpaka 2.4 mg. Mounjaro amayambira pa 2.5 mg, n'kumawonjezera 2.5 mpaka 15 mg ngati pakufunika. Mlingo woyambawo ndi wozoloweza mimba basi. Anthu opupuluma amaona sikelo isakusuntha mwezi woyamba n'kudumpha sitepe, mapeto ake n'kusanza mpaka madzi kutha m'thupi, zimene zimavulaza impso. Munthu akaiwala tsiku, Mounjaro atha kubaya pasanathe masiku 4, Wegovy pasanathe masiku 5. Kupitirira apo amangodikira tsiku lake lotsatira, osabaya kawiri.

Nseru, kugeya, chilungulira, kudzimbidwa ndi kutsegula m'mimba ndi zimene alangizi amathera nazo nthawi yambiri. Zoyambitsa zake n'zodziwika: m'mimba muli kale chakudya cha m'mawa, munthu n'kuthirapo mbale yodzaza ngati kale. Choncho amalangiza kudya pang'ono, modekha, kusiya pamene wayamba kumva kukhuta, kuchepetsa zokazinga ndi zamafuta, ndi kusagona utangodya. Ludzu nalo limachepa pamodzi ndi njala, motero madzi amamwa mowerengera, makapu 6 mpaka 8 patsiku. Kudzimbidwa amalimbana nako ndi masamba, zipatso ndi mbewu zosakonola, kuwonjezera pang'onopang'ono kuti mimba isafufume.

Chimene ambiri sachidziwa ndi nkhani ya minofu. Sikelo ikatsika makilogalamu 20, si onse amene ali mafuta. Kotala kapena kuposerapo imatha kukhala minofu ndi zina zosakhala mafuta. Munthu amaonda koma ali wofooka, kukwera masitepe kumuvuta, makamaka wachikulire. N'chifukwa chake mlangizi amaumirira zinthu ziwiri. Choyamba, zakudya zomanga thupi pa chakudya chilichonse, ndipo zizidyedwa poyamba njala isanathe. Ambiri amalangiza magalamu 1.2 mpaka 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kumene munthu akufuna kufikako, kupatula odwala impso amene amafunika kufunsa dokotala. Chachiwiri, masewera onyamula zolemera kapena okankha thupi kawiri pa sabata, kuwonjezera pa mphindi 150 pa sabata za kuyenda ndawala. Kunena zoona, mlangizi amene amangofunsa za sikelo osafunsa za mphamvu sakugwira ntchito yake.

Pali zina zimene mlangizi sayenera kuzigwira yekha, amatumiza kuchipatala msanga. Kupweteka kwambiri kwa m'mimba kosaleka, kolasa kumsana, kungakhale kutupa kwa kapamba. Kupweteka kumanja pansi pa nthiti kungakhale miyala ya mu ndulu, imene imabwera munthu akamatsika mofulumira. Obaya insulin amatha kugwa shuga ngati mlingo wa insulin sunachepetsedwe. Wopita ku opaleshoni ayenera kuuza madokotala, chifukwa chakudya chotsalira m'mimba chingalowe m'mapapo akagonetsedwa. Kwa amayi, bungwe la MHRA loyang'anira mankhwala linachenjeza mu June 2025 kuti Mounjaro angafooketse mapiritsi olera, choncho pafunika kondomu kwa masabata anayi poyamba ndiponso mlingo ukakwera, kapena kusinthira ku njira ina monga lupu. Wofuna mwana amasiya semaglutide miyezi iwiri asanatenge mimba, tirzepatide mwezi umodzi.

Bungwe la NICE, lolangiza NHS pa za mankhwala, limati ngati munthu sanatsike ndi 5 peresenti patatha miyezi 6 ali pa mlingo wokwanira, aunikenso ngati n'koyenera kupitiriza. Kwa amene zawayendera, vuto limadza posiya. Anthu a STEP 1 atatsatiridwa chaka chimodzi atasiya, anali atabwezera magawo awiri mwa atatu a zimene anataya. Njala imabwerera ndi ukali wake. Alangizi amayamba kukonzekera zimenezi miyezi ingapo pasadakhale: nthawi zokhazikika za chakudya, kukwera sikelo kamodzi pa sabata, ndi kugwirizana kuti akakwera makilogalamu angati abwerere kwa dokotala.

Tsono za kutumiza zija. Mankhwalawa amalembedwa m'dzina la munthu amene wapimidwa, ndipo kuyambira February 2025 mafamase a pa intaneti kuno sakuloledwa kungodalira mafunso olemba. Ayenera kutsimikiza kulemera ndi msinkhu wa wogulayo. Mankhwalawa amasungidwa mufuriji pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo akaundana kapena kutenthedwa paulendo amawonongeka popanda chizindikiro. Ogulitsa pa WhatsApp ndi m'masaluni ndiye oopsa zedi. Mu October 2023 MHRA inalengeza kuti yagwira zobayira zabodza zolembedwa Ozempic, zina zili ndi insulin m'kati, ndipo anthu ena anagonekedwa m'chipatala shuga atagwa mpaka kukomoka. Mu June 2024 bungwe la WHO linatulutsa chenjezo la semaglutide wabodza amene anapezeka ku Brazil, ku Britain ndi ku America.