Pula yochotsera tie rod end, ija yooneka ngati sizasi: nyenyezi 4 pa 5

Chitsulochi chimagwira ntchito ndithu koma musaganize kuti chimaliza zonse chokha.

Ndinagula chifukwa tie rod end (kachitsulo kokhala ndi mpira ndi pini kolumikiza ndodo ya sitelingi ku tayala) ya kumbali ya dalaivala inali itatha, sitelingi imasewera komanso pa mabampu kumamveka gugugu kutsogoloku. Nati ya pa pini inamasuka bwinobwino koma chipini chake chinakanirira mu knuckle (chitsulo chogwira tayala chomwe chimakhota mukapotoza sitelingi) osasuntha olo pang'ono. Kwa amene simunakumane nazo, pini ija siyofanana thupi lonse, ndi yonenepa cha ku mpira kuja n'kumawonda chopita ku mazinga, ndiye nati ikamangidwa imaikokera m'bowo mpaka kuthina zedi, mukaphatikiza ndi dzimbiri la zaka zimakhala ngati anachita kuwotcherera. Kuimenya pamutu ndi hamala n'kungophwanya mazinga, mutu umafutukuka kenako osadutsanso pabowo paja.

Pula iyi mumalowetsa mano ake pakati pa labala wophimba mpira uja ndi knuckle, mbali inayo igunde pamutu pa pini, basi n'kumamanga bawuti yake pang'onopang'ono ndi sipanala. Chomwe ndaikondera kwambiri n'choti siing'amba labala wosunga gilisi uja. Ija yonga foloko yokhomera ndi hamala imachotsa inde koma labala amatsala ali mbwee, ndiye ngati mumangofuna kusuntha tie rod kuti musinthe CV joint (cholumikizira cha pa shafiti yozungulitsa tayala) n'kuibwezera yomweyo mwaluza, madzi ndi fumbi zilowa ndipo itha msanga.

Kwa ine bawuti inalimba mpaka manja kuwawa pini ili phee. Ndinaisiya pula ili chikokere n'kugogoda ndi hamala m'mbali mwa knuckle pomwe pini yadutsa, apo ndi pomwe inalira phwaa n'kumasuka. Phokoso lake limadzidzimutsa abale, mumaona ngati mwathyola chinachake. Nati musaichotseretu, isiyeni kumapeto kwa mazinga kuti iteteze mutu wa pini komanso zitsulo zisauluke ikamasuka. Ngati knuckle yanu ndi ya aluminiyamu hamala ichepe, siipirira kumenyedwa ngati yachitsulo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa mano ake ndi okhuthala, pamalo pothina muyenera kuwakhomera pang'ono kuti alowe ndipo mukapanda kusamala mutsina labala yemwe mumafuna kumupulumutsayo. Ikakhala mopendekeka imaterereka. Bawuti yake inabwera youma gwaa, pakani gilisi pa mazinga musanayambe apo ayi itha msanga, ndipo osaimanga ndi impact (makina aja omanga mabawuti mogogoda). M'paketi munalibe olo kapepala kofotokoza kagwiritsidwe kake.

Chinanso, pula siikuthandizani pa loko nati, ija yothinitsa tie rod end pa ndodo ya sitelingi, imene nthawi zambiri ndiyo imagwidwa dzimbiri koposa. Imeneyo ipopereni mafuta omasula dzimbiri usiku, m'mawa muitsuke ndi bulashi ya waya, ndipo natiyo muimasule pamene tie rod end idakali mu knuckle chifukwa mukaitulutsa kaye chilichonse chimangozungulira mulibe pogwira. Ena amaitenthetsa ndi moto, zimatheka koma pafupi pomwepo pali labala wa rack (chitsulo cha sitelingi chomwe ndodo ija yachokera), wa CV ndi paipi ya mabuleki, ine moto ndinausiya.

Pochotsa tie rod end yakaleyo werengani kuti yazungulira kangati, yatsopano ilowe chimodzimodzi. Izi n'zongokufikitsani ku alayimenti (kowongoletsa matayala) basi, mukapanda kupitako tayala lidyeka mbali imodzi. Ndipo galimoto ikhale pa sitandi osati pa jeke yekha, mukugogoda zitsulo apa.

Pa magalimoto ang'onoang'ono yakwana, ndayesanso pa ball joint ya m'munsi (mpira wina wogwira knuckle chakunsi) inatuluka osavuta. Pa ma pikapu akuluakulu kukamwa kwake ndikuona kuchepa, yezani kaye knuckle yanu musanagule.