Sony ICD-PX470: chojambulira mawu cha nkhani za malire ndi mbiri ya banja

Agogo awiri amene analipo tsiku limene amfumu ankaloza malire a munda amatha kutsutsana mpaka dzuwa kulowa, wina akuti malire ndi chulu, wina akuti ndi mtengo wa mpoza, chonsecho palibe amene akunama. Nkhani ikamakambidwa kawirikawiri imasintha pang'onopang'ono m'mutu mwa mwini wake. Kamakina aka sikangakuuzeni amene akulondola. Kamasunga zimene munthu wanena lero, kuti mudzaziyerekeze ndi zimene adzanene chaka chamawa, ndipo ntchito imeneyo kamaigwira bwino.

Kamalowa m'thumba la malaya ndipo kamayendera mabatire awiri a AAA. Kumudzi kopanda magetsi, pamenepa ndi pomwe kamaposera foni, komanso palibe woimba amene angakudulireni nkhani pakati. Mkati muli malo a 4GB. Mukasankha MP3 ya 192 kbps, ola limodzi limadya pafupifupi 86MB, ndiye mumajambula maola oposa 35. LPCM, kajambulidwe kena kamene sikapanikiza mawu ngati MP3, imadya pafupifupi 635MB pa ola, maola 5 okha malo adzaza. Pa mawu a munthu wolankhula n'kungowononga malo. Pali polowetsa microSD, ndipo USB imatuluka m'kamakinako, osafuna chingwe.

Zofooka zilipo. Sikirini yake siwala, choncho madzulo m'nyumba ya nyali mufunika tochi. Mphepo ikawomba pa maikolofoni, mawu amamira. Khalani kuseri kwa khoma, ndipo muike kamakinako pa chitenje chopinda, mtunda wa mkono umodzi kuchokera kwa wolankhula, chifukwa patebulo lopanda kanthu kamatola kugogoda kulikonse. Mukasintha mabatire, onani ngati wotchi ili bwino. Dzina la fayilo limachokera pa tsiku ndi nthawi, ndipo tsiku lolakwika limayambitsa mkangano wina pamwamba pa woyamba uja. Kuti musadalire wotchi yokha, yambani ndi kutchula pakamwa tsiku, malo ndi dzina la wolankhulayo, iye atavomera kujambulidwa.

Chimene chimawononga kwambiri si makina koma kafunsidwe. Mu 1974, akatswiri ofufuza za kukumbukira kwa anthu, Elizabeth Loftus ndi John Palmer, anaonetsa anthu kanema wa ngozi ya galimoto. Amene anafunsidwa ndi mawu osonyeza kuti magalimoto anaphwanyana anatchula liwiro lalikulu kuposa amene anafunsidwa kuti anagundana, ndipo patapita sabata amene anati anaona magalasi osweka anachuluka m'gulu loyambalo kuposa m'gulu linalo, pomwe m'kanemamo munalibe. Ndiye musafunse kuti "si paja malire anali pachulu, agogo?" Funsani kuti "tsiku limenelo munaona chiyani?" kenako khalani chete. Aliyense ajambulidwe payekha. Mukawakhazika pamphasa imodzi, wamng'ono amangovomereza za wamkulu, ndipo mumatsala ndi nkhani imodzi yooneka ngati umboni wa anthu atatu.

Zaka ndiye zimasokonekera msanga. Wina akati "chaka cha njala", funsani ngati ndi ya 1949 kapena ya 2002, ngati ufulu wa 1964 unali utabwera, ngati riferendamu ya 1993 inali itachitika. Akatchula malo kapena chaka, dinani batani la T-MARK kuti mudzapeze pamenepo mosavuta.

Mukafika kunyumba koperani fayiloyo malo awiri, ndipo yoyambayo musaidule ngakhale pamene pakulira tambala.