Nsikidzi nthawi ya holide: mafuta onunkhira, ufa kapena kutentha?

Anzanga atatu andifunsa kale mwezi uno kuti nsikidzi ndinathana nazo bwanji osapopera mankhwala amphamvu aja, ndiye bola ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere. Holide ndi nyengo yake ya tizilomboti, masutikesi akulowa ndi kutuluka mnyumba, alendo akugona pabedi lomwe lakhala nthawi osagonedwa, ndipo nsikidzi imatha kukhala miyezi ingapo osayamwa magazi, ili phee mming'alu kudikira munthu.

Ndiyambe ndi zomwe zinandipweteka mtima, mafuta onunkhira aja a lavender, tea tree ndi peppermint omwe amagulitsidwa ngati mankhwala achilengedwe. Chaka chatha kutatsala masabata atatu kuti Khrisimasi ifike ndinaona timadontho takuda mumsoko wa matiresi komanso timagazi pashiti. Mwana wanga wamng'ono amadwala mphumu ndiye za mankhwala onunkha mchipinda chake sindinafune n'komwe. Ndinagula botolo lolembedwa zilembo zikuluzikulu kuti limapha nsikidzi, koma tizilembo ting'onoting'ono takumbuyo ndinatiwerenga nditafika kale kunyumba, ndi pomwe ndinaona kuti umayenera kumapopera mobwerezabwereza, ndiye botolo limodzi silinathe ndi sabata yomwe, ndinagula lachiwiri, kenako lachitatu. Mtengo weniweni ndi umenewo, osati wolembedwa pashelefu paja.

Ndalamazo ndikanaiwala, koma chinachitika n'choti mafutawa amapha nsikidzi yokhayo yomwe waithira pathupi penipeni, akauma basi ntchito yatha, ndipo mazira omwe amatidwa mkati mwa matabwa a bedi sawafikira. Nsikidzi yaikazi imaikira dzira 1 mpaka 5 patsiku, mazirawo amaswa pakatha masiku 6 mpaka 10, ndiye ine ndikusangalala ndi fungo labwino mchipinda kumeneko zikuswana. Kuonjeza apo zinayamba kupezeka mchipinda cha alendo momwe munalibe chilichonse poyamba, ndipo ndikukhulupirira kuti zinathawa fungo lija. Mayi anga atabwera anagona momwemo, mmawa anadzuka mkono wonse totupa tondondozana, sananene kanthu koma ndinawaona akukanda mobisa. Mpaka lero ndikaona mabotolo amenewo mtima umandiwawa, ndipo munthu asandiuze kuti mwina ndinapopera molakwika.

Soda wophikira uja musataye naye nthawi. Spiriti ndiye ayi ndithu, amayaka msanga ndipo matiresi onyowa ndi spiriti ndi ngozi ya moto.

Ufa wa diatomaceous earth ndi nkhani ina, uwu umagwiradi ntchito. Ndi ufa wa zigoba za tizomera ta mmadzi takalekale, nsikidzi ikadutsapo umachotsa kaphula koteteza khungu lake ndipo imauma n'kufa, koma zimatenga masiku mwinanso masabata, mazira suwapha, ndipo mnyumba mukakhala chinyezi mphamvu yake imachepa. Ngati alendo akubwera Loweruka uwu sukupulumutsani. Muziwaza pang'ono kwambiri ngati fumbi chabe chifukwa mukaunjika zimangoulambalala, ndipo osagula wa mtundu wosefera madzi a maswimming'i pulu, umenewo ndi woopsa kumapapo. Ine chifukwa cha mphumu ya mwana ndinangouika mming'alu ya khoma ndi mmalumikizidwe a bedi, osati pogona.

Chomwe chinandipulumutsa ndi kutentha, ndipo apa ndiye ndimakondera poyera. Nsikidzi zambiri masiku ano zinazolowera mankhwala ambiri opopera tizilombo, a mtundu wotchedwa pyrethroid, koma kutentha sizingakuzolowere, pa madigiri 50 kupita mtsogolo zimafa pamodzi ndi mazira omwe. Mashiti, mabulangete, makatani ndi zovala ndinachapa mmadzi a madigiri 60, ndipo amene muli ndi makina oumitsira zovala mphindi 30 pa moto waukulu zimakwana. Matiresi, sofa ndi matabwa a bedi ndinadutsamo ndi makina a nthunzi obwereka, koma muziyendetsa pang'onopang'ono kwambiri msoko ndi msoko, ndipo nthunziyo isatuluke mwamphamvu chifukwa imangoziulutsira kwina zili zamoyo. Nsimbi yotentha imathandizanso mmisoko. Kuipa kwake magetsi amapita ndithu, msana umapweteka, matiresi amafuna kuuma bwino musanayale, ndipo pakatha sabata kapena masiku 10 muyenera kubwereza chifukwa pamakhala pena pomwe nthunzi sinafike.

Zoyanika matiresi padzuwa mutakulunga mupulasitiki yakuda anthu amazikonda koma ine sindizidalira, pamwamba pamatentha bwino pomwe pansi pamakhala pozizirirapo ndipo nsikidzi zimangosamukira konko. Nsapato, mabuku ndi zidole ndinaziika muthumba lomanga bwino n'kuponya mufiriza ya madigiri 18 pansi pa ziro kwa masiku 4, izi zinatheka popanda vuto.

Timbale tokolera nsikidzi toika kumiyendo ya bedi tija sitimaliza nsikidzi patokha, ntchito yake ndi kukuuzani ngati zikadalipo, ndipo timagwira pokhapokha bedi mwalisendeza kutali ndi khoma komanso bulangete silikukhudza pansi. Ine ndinatisiya miyezi iwiri ndikuyang'anamo mmawa uliwonse mpaka ndinasiya kupezamo kanthu. Matiresi ndinawavekanso chikuta cha zipi chotsekeratu, chimenecho sichivulidwa mpaka chaka chithe kuti zotsalira mkati zife ndi njala.

Mayi akubweranso pa 22 Disembala. Chipinda chawo ndadutsamo kale ndi nthunzi sabata yatha, ndibwerezanso kutatsala masiku awiri, ndipo ndakonza tebulo pafupi ndi chitseko loti masutikesi a alendo onse azikhala pamenepo, pabedi ayi.